Zoti amd64 kapena x64 tizikangana, koma tikukanganira pamalo olakwika

Mwezi wathawu ndinakhala pa kashopu ka mnzanga wina wokonza malaputopu ndi mafoni, malo ake ndi aja opanikizana oti ukakhala pa benchi bondo likugunda katoni ya machaja akufa, ndiye kunabwera mnyamata wa ku koleji atakolekera laputopu yakaunjika kumsana, Core i5, stika ya Intel ikadali pomwepo pansi pa kiyibodi. Amafuna kuikamo Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse ngati mmene Windows imachitira. Vuto linali loti usiku wathawo anathera bandulo yake yonse kudawuniloda fayilo yakalekale yolembedwa i386, chifukwa pa yatsopanoyo panalembedwa amd64, dzina lochokera ku AMD, kampani yopikisana ndi Intel, ndiye iye mumtima anati aaa iyi si yanga, yanga ndi Intel, ndipo ka "i" ka i386 kaja anakaona ngati kakumuitana iyeyo. Mnzanga anangomuuza kuti achimwene mukanatenga ya amd64 yomweyo, imeneyo ndi yanu. Mnyamatayo anadabwa, ndipo kudabwa kwake kunali koyenera, chifukwa palibe chimene analakwitsa m'kaganizidwe, anawerenga zimene zinalembedwa n'kuzikhulupirira.

Nkhani inakula pamene mkulu wina amene amakonda kudzacheza pamenepo analowerera. Iye anati iwe usamusokoneze mwanayu, dzina lenileni la zimenezi ndi x64, za amd64 ndi za anthu a Linux okonda kuvutitsa anzawo. Mnzanga anati ayi akulu, x64 si dzina, dzina ndi x86-64. Wina amene anali pakona akuwotcherera chaja poti naye osafuna kutsalira anati popeza makinawo ndi a Intel ndiye kuti ndi Intel 64 basi, zinazo n'zongokometsera. Mawu anakwera ndithu, mpaka mayi wogulitsa mandasi panja kusuzumira kuti kodi kwagwanji, pamene mwini laputopu anangoima chilili, bandulo yapita, funso lake silinayankhidwe.

Ndakhala ndikuiganizira nkhaniyi kuyambira tsikulo. Anthu ambiri akamva mkangano wotere amati ndi za anthu osowa chochita, dzina ndi dzina basi bola kompyuta iyake. Ine ndikukana. Mayina amenewa anthu amaluza nawo ndalama, amaluza nawo tsiku lathunthu, ena amafika pomati kompyuta yanga ndi yakufa pamene ili bwinobwino. Komanso ndikukana zimene anzanga atatu aja amachita. Pali mayina angapo a chinthu chimodzi, ndiye palinso mayina ofanana kamvekedwe a zinthu zosiyana kotheratu. Oyambawo ungatchule lililonse munthu afikabe kumene akupita, achiwiriwo ukaphonya chilembo chimodzi wamutumiza munthu kumudzi kwina. Ife mphamvu zathu zonse timathera pa oyambawo chifukwa ndi pamene munthu umaoneka wophunzira, achiwiriwo timangowadutsa, pamene ndi amene akupweteka anthu.

Kuti zimveke ndiyambe ndi chimene tikuchitcha dzinachi. Pulosesa iliyonse, chipu chija chimene chili ngati ubongo wa kompyuta, ili ndi chilankhulo chake, mndandanda wa malamulo amene imamva, monga tenga nambala iyi uike apa, phatikiza ziwirizi, dumphira uko. Pulogalamu imene mumadawuniloda inakonzedwa kale m'chilankhulo cha mtundu umodzi wa pulosesa, ndiye ikapita kwa pulosesa yachilankhulo china imangokhala ngati kalata yolembedwa m'Chitchaina yafika kwa agogo kumudzi. Chilankhulochi ndi chimene akatswiri amachitcha architecture, kapena instruction set. N'chosiyana ndi kamangidwe ka mkati mwa chipu, za Zen za AMD kapena Skylake za Intel, zimenezo ndi kholingo ndi mapapo, wina ali ndi mawu amphamvu wina ofooka koma chilankhulo ndi chimodzi. N'chosiyananso ndi mayina apamsika, Core i7, Ryzen 5, Celeron, amenewo ndi olembedwa pa katoni kuti mugule.

Tsono 86 ameneyu anachokera kuti? Mu 1978 Intel inatulutsa pulosesa yotchedwa 8086, ya 16-bit, kutanthauza kuti imagwira mabiti 16 nthawi imodzi, biti kukhala 0 kapena 1 mmodzi. Mu 1981 IBM inaika mng'ono wake, 8088, mu IBM PC, ndipo kuyambira pamenepo dziko lonse la makompyuta apadesiki linamangirika ku banja limeneli. Kenako kunabwera 80286 mu 1982, 80386 mu 1985 imene inabweretsa 32-bit, ndi 80486 mu 1989. Onse kuthera ndi 86. Anthu anangoti tiike x pamalo pa manambala osinthasinthawo, n'kukhala x86. Ndiye 86 si kuchuluka kwa chilichonse, si mabiti, si liwiro, ndi mfunda chabe wa banja. Pofika 1993 Intel inasiya manambala n'kutchula yotsatirayo Pentium, chifukwa khoti ku America linali litagamula kale kuti nambala ngati 386 sungaitenge kukhala chizindikiro cha kampani yako wekha, koma mfunda uja unatsala, ndipo i386 ija mnyamata anadawuniloda ndi dzina la pulosesa ya 1985 limene mpaka lero likuimira x86 ya 32-bit. Mukaona i686, imeneyo ndi ya m'badwo wa Pentium Pro wa 1995, 32-bit yomweyo.

Vuto la 32-bit ndi lowerengera. Ndi mabiti 32 ungathe kupereka maadiresi a mu memory 4,294,967,296 basi, kutanthauza kuti memory ya 4 GB ndiye polekezera pa pulogalamu imodzi, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 makompyuta akuluakulu a m'mabanki ndi m'makampani anali atayamba kale kubanika. Intel inaganiza zosamutsa mudzi wonse. Pamodzi ndi HP anapanga chilankhulo chatsopano chosagwirizana ndi x86 ngakhale pang'ono, n'kuchitcha IA-64, pulosesa yake Itanium, imene inatuluka mu 2001 itachedwa zaka zingapo. Mapulogalamu akale a x86 amatha kuyenda pa Itanium koma mokwawa, ndipo anthu amene anali atawononga ndalama zankhaninkhani pa mapulogalamu awo sanafune kugwetsa nyumba zawo n'kukayambiranso kutchire.

AMD, kampani yaing'ono imene inayamba kupanga mapulosesa a x86 ngati wothandizira chabe m'masiku a IBM PC, inaganiza mwina. Iwo anati mudzi usasamuke, tingowonjezera zipinda pa nyumba yomweyi. Analengeza mu 1999, anasindikiza malamulo ake mu 2000 pansi pa dzina loti x86-64, anakulitsa ma register, timalo tosungira manambala mkati mwa pulosesa, kukhala a 64-bit, anawachulukitsa kuchoka pa 8 kufika 16, ndipo chachikulu n'choti mapulogalamu akale a 32-bit amathamanga bwinobwino osakwawa. Pulosesa yawo ya Opteron inatuluka mu April 2003, Athlon 64 mu September chaka chomwecho, ndipo nthawi imeneyo AMD inasintha dzina kukhala AMD64, poti mwana ndi wawo.

Msika unasankha AMD. Mu 2004 Intel inakakamizika kuika chilankhulo cha mdani wake mu mapulosesa ake a Xeon, ndipo apa ndi pamene chisokonezo cha mayina chinabadwira. Poyamba anachitcha IA-32e, taganizani, chinthu cha 64-bit kuchipatsa dzina lokhala ndi 32 mkati, ngati kuti ndi kachowonjezera kakang'ono chabe. Kenako anati EM64T. Mu 2006 anati Intel 64. Mmene ine ndimaonera, mayina atatu onsewa ntchito yake inali imodzi, kupewa kutchula zilembo zitatu zija A, M, D, komanso kuteteza Itanium kuti isaoneke ngati yagonja. Microsoft ndi Sun, posafuna kukhumudwitsa mbali iliyonse, anabwera ndi x64, ndipo mu 2005 kunatuluka Windows XP Professional x64 Edition. A Debian, opanga mtundu wina wa Linux, anasankha amd64 chifukwa pamene ankayamba ntchitoyo AMD yokha ndi imene inali ndi mapulosesa otere, ndipo Ubuntu, FreeBSD, OpenBSD, chilankhulo cholembera mapulogalamu cha Go ndi chida cha Docker onse amalemba amd64. A Fedora, Red Hat, Arch ndi Apple amalemba x86_64, ka mzere kali pansi, ndipo chifukwa chake si cha nzeru zakuya ayi, n'choti m'mayina aatali a zida za GNU ngati x86_64-pc-linux-gnu ka mzere kapakati kali kale ndi ntchito yolekanitsa zigawo, ndiye anangokatsitsa pansi kuti kasasokoneze.

Ndiye x86-64, x86_64, AMD64, amd64, EM64T, Intel 64, x64, chonsechi ndi chinthu chimodzi. Pali timalamulo tingapo timene Intel ndi AMD amasiyana kachitidwe, timene timavutitsa olemba kernel, mtima wa pulogalamu yoyendetsa kompyuta, ndi ma compiler, zida zomasulira pulogalamu kupita m'chilankhulo cha pulosesa, koma kwa ine ndi inu fayilo ndi yomweyo.

Ife a kuno nkhani imeneyi sitiyenera kuidabwa chifukwa tili nayo pakamwa pomwepa. Chilankhulo chimene ndikulembachi kuno ku Malawi chinkatchedwa Chinyanja mpaka 1968 pamene boma la Kamuzu linati chizitchedwa Chichewa, pamene ku Zambia mpaka lero ndi Nyanja, ku Mozambique ndi Cinyanja. Wa ku Chipata ndi wa ku Mchinji akakumana pa Mwami amagulitsana mbatata bwinobwino wina akuti akuyankhula Chinyanja wina akuti Chichewa. Dzina lililonse lili ndi mbiri yake, ndale zake, ndi anthu amene limawakhudza mumtima, ndipo ndi zoyenera kuzidziwa, koma amene angaimitse malonda a mbatata kuti mnzake avomereze kaye dzina ameneyo sakuteteza chilankhulo, akungofuna kupambana. Anzanga a pashopu paja ndi zimene amachita.

Mkulu wa x64 uja ndikanakonda kumuonetsa chinthu chimodzi. Pa Windows yomweyo imene amaikhulupirira, tsegulani Command Prompt n'kulemba echo %PROCESSOR_ARCHITECTURE%, ikuyankhani kuti AMD64, olo makinawo akhale a Intel kuyambira stika mpaka fani. Kunja kampani imati x64, mkati mwa nyumba imati AMD64. Ndipo poti tili m'nyumbamo, mafayilo a 64-bit a Windows amakhala mu foda yotchedwa System32 pamene a 32-bit amakhala mu SysWOW64, zinachitika choncho kuti mapulogalamu akale amene anazolowera njira ya ku System32 asasochere, koma ndaonapo amisiri abwinobwino akukopera fayilo ya DLL mu foda yolakwika chifukwa chokhulupirira nambala yomwe akuiona. Apa ndiye pofunika kukweza mawu, apa dzina likunama.

N'chifukwa chake pa mayina onse aja, limene ndili nalo mangawa ndi x64. Silinena chinthu china ayi, koma limamuphunzitsa munthu bodza. Pa tsamba lodawunilodera pamakhala mabatani awiri, x86 ndi x64, ndiye munthu wamba amene sanamvepo za 8086 amawerenga ngati manambala, 86 ndi wamkulu kuposa 64, ndiye x86 ndi yamphamvu, n'kutenga ya 32-bit. Zimenezi zachitikira anthu ambiri, ndipo mapeto ake munthu amagula RAM ya 8 GB ndi ndalama zovutikira, n'kuikamo Windows ya 32-bit imene ikungoona 3 GB ndi kanthu, yotsalayo ili gone. x wa mu x86 amaimira manambala enieni, 2, 3, 4, pamene x wa mu x64 saimira kalikonse, kunalibe 80264 kapena 80364, anangotengera kaonekedwe. Dzina limodzi nambala yake ndi mfunda, linalo nambala yake ndi mabiti, n'kuwaika moyandikana ngati ndi muyeso umodzi. Sindingamudzudzule munthu amene wanena x64 pocheza, ndamva chimene akunena, koma amene akulemba malangizo oti ena atsatire, kapena mphunzitsi wa kompyuta kusekondale, ameneyo ndimupempha kuti asamalembe x86 ndi x64 zokhazokha, azilemba 32-bit ndi 64-bit pambali pake.

Lina loyenera kulimbana nalo ndi IA-64. Ili ndiye msampha weniweni chifukwa limaoneka lolondola kwambiri. Intel Architecture, 64, ndili ndi Intel ya 64-bit, basi yanga ndi imeneyi. Kwa zaka zambiri Debian inali ndi mafayilo a ia64 pambali pa amd64, ndipo anthu a ma Core 2 Duo ankatenga ia64, kuwotcha pa CD, n'kupeza kuti kompyuta sikuyiona n'komwe. IA-32 ndi x86, koma IA-64 si x86 ya 64-bit, ndi Itanium, banja lina, chilankhulo china. Lero msamphawu ukutha wokha chifukwa Intel inatumiza ma Itanium omaliza mu 2021 ndipo Linux inachotsa IA-64 mu kernel 6.7, koma m'manotsi akale amene ana amakoperana m'makoleji mawu oti IA-64 akadalimo, ndipo wina akamawagwiritsa ntchito ngati dzina la laputopu yake, kumukonza si matama, ndi kumuthandiza.

Koma kunena zoona anthu ambiri kuno kompyuta yawo yoyamba ndi foni, ndipo kumeneko ndi kumene mayina akutipweteka kwambiri pamene palibe amene akukangana. Mafoni pafupifupi onse amayendera ARM, chilankhulo chimene chinayambira ku kampani ya Acorn ku Cambridge, Sophie Wilson ndi Steve Furber ndi amene anachipanga, chipu choyamba chinayaka mu 1985. ARM ya 64-bit inalengezedwa mu 2011 pansi pa ARMv8, ndipo foni yoyamba kukhala nayo inali iPhone 5s mu 2013. Nakonso kuli mkangano wake wa anthu ophunzira. Kampani ya Arm imati AArch64, ndipo ikafuna kulunjika kwambiri imati AArch64 ndi mkhalidwe umene pulosesa ikuyenderamo pamene malamulowo dzina lake ndi A64. Apple imati arm64. Mu Linux ntchitoyi inabwera mu 2012 ndi dzina loti aarch64, anthu kuphatikizapo Linus Torvalds, woyambitsa Linux, sanalikonde, foda inasinthidwa kukhala arm64, koma mpaka lero ukalemba uname -m, lamulo lofunsa mtundu wa pulosesa, pa Linux yomweyo imayankha aarch64, pa Mac imayankha arm64. Debian arm64, Fedora aarch64. Chinthu chimodzi. Amene akufuna kuthera madzulo ake pa zimenezi athere, palibe amene avulale.

Wovulala ali apa. Chifukwa cha kudula kwa data, ambiri timapatsana ma app pa Bluetooth kapena pa Xender, kapena timakatenga fayilo ya APK, yoikira app pa Android, kwina, ndipo mafayilo amenewa amabwera olembedwa arm64-v8a kapena armeabi-v7a. Mnzako wakutumizira app yochokera mu foni yake yodula, yako ikungoti app not installed, osafotokoza chifukwa, ndiye umayamba kufufuta zithunzi za ukwati poganiza kuti malo atha. Chachitika n'choti wakupatsa ya arm64-v8a, ya 64-bit, pamene foni yako imafuna armeabi-v7a, ya 32-bit. Ndipo chopweteka kwambiri, mafoni ambiri otchipa ali ndi chipu chokhoza 64-bit koma Android imene anaikamo ndi ya 32-bit pofuna kusunga RAM yochepayo, ndiye ukafufuza dzina la pulosesa pa intaneti likuuza kuti 64-bit, iwe n'kutenga arm64 mosakayika, n'kukanikanso. Apa funso loti pulosesa yako ndi yanji silokwanira, funso ndi loti Android yako ikuyankhula chiti. Ndi amisiri angati a mafoni amene amamufotokozera kasitomala zimenezi? Ambiri amangoti foni yanu ndi yofooka mayi, gulani ina.

Palinso ka v kamodzi kamene kamasintha zonse. ARM7 ndi ARMv7 si chinthu chimodzi ngakhale pang'ono. ARM7 ndi banja la machipu a m'ma 1990, otchuka kwambiri ndi ARM7TDMI amene anali m'mafoni akale a Nokia ndi mu Game Boy Advance, ndipo chilankhulo chake ndi ARMv4T. ARMv7 ndi chilankhulo cha zaka khumi pambuyo pake, cha ma Cortex-A7, A8, A9. ARM11 imene inali mu Raspberry Pi yoyamba imamveka ngati yatsopano kuposa zonsezi poti 11 ndi wamkulu, koma chilankhulo chake ndi ARMv6, chakale kuposa v7. Wophunzira wa zamagetsi amene walemba ARM7 akutanthauza ARMv7 agula bolodi yolakwika kapena asankha compiler yolakwika. Mphunzitsi amene amadula malikisi pa ka v kameneka ine ndili mbali yake.

Ndipo mawu oti 64-bit paokha asiya kukhala yankho. Kale ukanena kuti laputopu yanga ndi 64-bit aliyense amadziwa kuti ndi x86-64. Makamaka kuyambira November 2020 pamene Apple inatulutsa chipu chake cha ARM chotchedwa M1, ndipo tsopano kulinso malaputopu a Windows a machipu a ARM otchedwa Snapdragon, laputopu ya 64-bit ikhoza kukhala ARM. Ma MacBook a M1 ayamba kale kufika m'manja mwa anthu kuno kudzera kwa abale a ku Joni ndi ku UK, ndipo amene akudawuniloda pulogalamu amafunsidwa kuti Intel kapena Apple silicon, dzina la machipu ngati M1 amenewa. Ukatenga ya Intel pa M1 nthawi zambiri iyenda kudzera mwa womasulira wotchedwa Rosetta 2, koma ukatenga ya Apple silicon pa Mac ya Intel siiyaka n'komwe.

Ndikudziwa chimene mnzanga wa pashopu angandiyankhe, chifukwa anandiyankha kale. Iye amati aise, kompyuta ilibe chisoni, ukalemba amd64 pamene chida chikufuna x86_64 script yako igwa, ndiye usamati zonse ndi chimodzi. Akunena zoona, ndipo aliyense amene anakonzapo Dockerfile, fayilo ya malangizo a Docker, yotenga yankho la uname -m n'kukaliika mu linki yofuna amd64 anazionapo zimenezi. Koma kumeneko si kukangana kuti dzina lolondola ndi liti, kumeneko ndi ngati kudzaza fomu ya kubanki, umalemba dzina mmene lilili pa chiphaso olo kunyumba amakuitana lina. Pa Debian lemba amd64, pa Fedora lemba x86_64, pa Visual Studio sankha x64, osafunsa kuti wolondola ndani chifukwa chidacho sichimva zokambirana. Mmisiri wabwino ndi amene amawadziwa mayina onsewo ndi kumene lililonse limalandiridwa, osati amene wasankha limodzi n'kumanyoza enawo.

Chachiwiri, chimene anthu ena amanena, chimandikhudza kwambiri, nkhani ya ulemu kwa amene anagwira ntchito. AMD ndi imene inapanga chinthuchi pamene kampani yaikulu inali italoza kwina, ndiye kunena kuti amd64 ndi kuvomereza mbiri, monga mmene i386 imavomerezera kuti 32-bit inali ya Intel. Mumtima mwanga ndimalikonda dzinali pa chifukwa chimenechi, ndipo sindingafune kuti a Debian alisinthe, ndi lawo ndipo analipeza mwachilungamo. Koma nditamuona mnyamata uja ataima ndi laputopu yake, ndinavomereza kuti polankhula ndi munthu wamba, x86-64 ndi limene limagwira ntchito bwino. Ndi dzina limene AMD yomweyo inayamba nalo, ndiye palibe amene walandidwa ulemu. Lilibe dzina la kampani loti munthu aziyerekeza ndi stika. Ndipo limanena zoona zokhazokha, banja ndi x86, mabiti ndi 64. Ndikamaphunzitsa munthu ndimanena limeneli, kenako ndimawonjezera mpweya umodzi wokha kuti ukaona amd64 kapena x64 usaope ndi chomwechi, ukaona ia64 kapena arm64 thawa si chako. Zimatenga masekondi khumi, pamene mkangano wa pashopu unatenga pafupifupi ola.

Chimene chinandiwawa tsiku lija si phokoso ayi, n'choti mnyamatayo anayamba kupepesa. Anati pepani akuluakulu, ine zimenezi sindizidziwa bwino. Kupepesa chifukwa choti makampani awiri a ku California analimbana zaka makumi awiri zapitazo n'kusiya mayina asanu ndi awiri pa chinthu chimodzi! Ana ambiri amene akanakhala amisiri abwino amabwerera pakhomo penipeni chifukwa funso lawo loyamba linayankhidwa ndi anthu ofuna kuonetsana kuti wadziwa zambiri ndani, ndipo kuno kumene kompyuta imodzi imagwiritsidwa ntchito ndi banja lonse, kumene bandulo yotayika ndi ndalama ya ndiwo, sitingakwanitse kumataya anthu mwanjira imeneyi.

Ndipo ngati anzanga akufunadi mayina oti azikangana nawo, alipo atsopano amene akubwera molunjika pa malaputopu akaunjika athuwa. Mu 2020 anthu a Intel, AMD, Red Hat ndi SUSE anagwirizana zogawa x86-64 m'magawo, x86-64-v2, v3 ndi v4, malinga ndi malamulo owonjezera amene pulosesa ili nawo. Red Hat Enterprise Linux 9 imafuna v2, pamene 10 imafuna v3. Windows 11 kuyambira mtundu wa 24H2 siyaka pa pulosesa yopanda malamulo a POPCNT ndi SSE4.2. Kutanthauza kuti Core 2 Duo, imene ndi ya 64-bit ndithu, amd64 yeniyeni, x64 yeniyeni, ikanidwa. Ndipo v3 imafuna malamulo a AVX2 amene anayamba ndi mapulosesa a Intel a Haswell mu 2013, koma ma Celeron ndi ma Pentium ambiri otuluka zaka zingapo pambuyo pake alibe AVX2, ndiye munthu akhoza kukhala ndi laputopu yooneka yatsopano, ya 2018, n'kuuzidwa kuti pulosesa yake siikwanira pamene i5 yakale ya 2014 ikudutsa. Ma Celeron amenewa ndi amene adzaza m'mashopu mwathu chifukwa ndi amene anthu angakwanitse. Wogulitsa amene angamuuze kasitomala asanalipire kuti bwana, iyi ndi 64-bit inde koma ndi v2, ina iyo ndi v3, ameneyo ndiye amadziwa mayina.

Pamapeto pake mnzanga anatulutsa fulashi yake, inali ndi amd64 kale, n'kumuikira mnyamata uja mosamulipiritsa. Itayaka anamuuza kuti tsegula terminal ulembe uname -m. Inayankha x86_64. Mnyamatayo anayang'ana fulashi yolembedwa amd64 ndi peni, anayang'ana stika ya Intel, anayang'ananso sikirini, n'kufunsa kuti ndiye achimwene pulogalamu ya Android Studio imene akufuna kusukulu ija ndikatenge yolembedwa chiyani. Mkulu wa x64 uja ndi amene anasendeza mpando n'kumuuza kuti bwera ndikuonetse.